Tanthauzo la C6-5

Amalawi okhala ku Overport, ku South Africa, amalidziwa bwino phokoso la makombola usiku wa Diwali. Ndiye mwana akapempha kuti amugulire roketi yaing'ono, kholo limangoganiza za kombola lomwelo. Komatu kombola likapita lapita, pamene roketi imatsika ndi parachuti n'kudzaulukanso mawa.

Thupi lake ndi chubu cha pepala lolimba, kutsogolo kuli mphuno, kumbuyo zipsepse ngati za chambo. Injini mumagula yopangidwa kale, ndipo pambali pake pamalembedwa zinthu monga C6-5. Apa woyamba kumene asathamange. Chilembocho chimanena mphamvu yonse ya injini: B ndi A kawiri, C ndi B kawiri, mpaka m'tsogolomo. 6 ndi kukankha kwake, koyezedwa m'manyutoni. Koma nambala imene imaliza ana ambiri ndi yomalizayo. 5 ndi masekondi amene injini imadikira moto ukazima, roketi ikukwerabe yokha, kawonga kakang'ono kasanatulutse parachuti. Odziwa amafuna ituluke pa apogee, pamene roketi yasiya kukwera koma sinayambe kugwa. Ikafulumira, mphepo iing'amba. Ikachedwa, mukatola zidutswa.

Za kuuluka mowongoka, amene anasemapo muvi safunika kumuuza: kolemera kutsogolo, nthenga kumbuyo. Pezani pamene roketi imakhazikika pachala, mumangepo chingwe, muizungulize pamwamba pa mutu. Mphuno ikamatsogola, zili bwino. Ikamapinimbira, ikani kadongo m'mphunomo.

Ena amati n'zachibwana. Ine sinditero. Makilomita ochepa chabe kuchokera ku Overport, pa Howard College ya University of KwaZulu-Natal, ophunzira amapanga maroketi otchedwa Phoenix. Maroketiwa amawatchula hybrid, chifukwa amawotcha phula longa la makandulo pamodzi ndi nitrous oxide. Mu Marichi 2021, imodzi inanyamuka ku Overberg, ku Western Cape, n'kukwera pafupifupi makilomita 18. Mawu amene amayankhula kumeneko, apogee ndi anzake, ndi omwewa.

Pakati pa mafulati a ku Overport si pouluutsira. Pezani bwalo lalikulu, kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo yambani mwafunsa malamulo a South African Civil Aviation Authority. Yatsani ndi batire mutaima patali, osati ndi machesi. Wonga wosakaniza nokha kukhitchini ayi ndithu. Kagulireni mwanayo injini ya A.