Kulowa, Kulowerera ndi Kutetezana

Mneni wakuti kulowa ndi wamfupi, koma ali ndi ana ambiri. Timalowa m'nyumba, timalowa mpingo, munthu amalowa ufumu, ndipo dzuwa nalo limalowa. Tikamulumikiza ndi -ets- timapeza kulowetsa, ntchito ya mwini khomo. Tikamulumikiza ndi -erer- timapeza kulowerera. Kachidutswa aka ka -erer- kamanena za chinthu chochitika mpaka pamapeto penipeni: nsima ikapsa yadyeka, koma ikapserera yawonongeka. Choncho kulowerera ndi kulowa mpaka mkatikati, ndipo Chichewa chinapatsa mawuwa matanthauzo awiri. Amfumu amalowerera pa mkangano wa malire a munda kuti aleretse. Mwana wolowerera ndi uja anapita kutali mpaka kuiwala njira ya kwawo.

Matanthauzo awiriwa ndiwo amavutitsa maiko pamene mnzawo amene ali pankhondo wagogoda pakhomo la bungwe lawo. Dziko la Ukraine linapempha kulowa mu European Union pa 28 February 2022, patangopita masiku ochepa asilikali a Russia atalowa m'dzikolo, ndipo mu June chaka chomwecho linavomerezedwa kukhala pamzere wa oyembekezera. M'malamulo a bungwelo muli ndime 42(7), yonena kuti dziko limodzi likathiridwa nkhondo, anzake ayenera kulithandiza ndi zonse zimene angathe. Ndiye funso la eni khomo ndi lakuti: tikamulowetsa, kodi sitikhala talowerera nkhondo yake? Nanga kudzakhala kulowerera kwa amfumu kapena kwa mwana wotayika? Funso limeneli si la ku Ulaya kokha. Anthu a ku Machinga ndi Balaka analiona likudutsa pa njanji yawo.

Bungwe lotere timalitcha mgwirizano. Tsinde lake ndi kugwira, ntchito ya dzanja. Kugwira kumabala kugwiriza, monga mmene mzati umagwirizira denga, ndipo kugwiriza kukalandira -an- kumakhala kugwirizana. Kachidutswa ka -an- ndiko mtima wa nkhani yonse, chifukwa kamanena kuti chochitikacho chikuchokera mbali zonse ziwiri: kumenyana, kukondana, kuthandizana. Wogwira nayenso wagwiridwa. Ku Ntaja, ku Nsanama ndi ku Ulongwe, komwe Chiyao chimamveka pamsika ndi pamzikiti, amati mkamulano, kuchokera ku kamula, kutanthauza kugwira. Zilankhulo ziwirizi zinamanga mawuwa ndi mitengo yofanana, ndipo zonse zikuvomereza kuti dzanja lako likakhala m'dzanja la mnzako, iye akaterereka nawenso umagwedezeka.

Pangano nalo lili ndi -an- yemweyo. Kupanga ndi kuumba chinthu, kupangana ndi kuumba mawu awiriwiri, ndipo choumbidwacho ndicho pangano. Mawuwa ndi olemera kotero kuti omasulira Baibulo anawatenga potchula Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano. Munthu akakukumbutsa kuti "paja tinapangana", sakupempha chifundo, akutola ngongole.

N'chifukwa chake makolo athu anakana kutcha mgwirizano boma limene linamanga pamodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia kuyambira 1953 mpaka 1963. Iwo ankati chitaganya, ndipo mpaka lero mawuwa ali ndi fungo la chinthu chokakamiza. Mafumu ndi a Nyasaland African Congress anachikana chisanayambe, koma chinabwerabe. Nkhani za asilikali zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury, ndipo mu 1959 asilikali ochokera ku Southern Rhodesia anabwera kudzathira moto anthu omwe ankati akuwateteza. Pamene palibe kupangana, chitetezo chimasanduka goli.

Mgwirizano woulowa mwa kufuna kwathu unabwera pa 1 April 1980, pomwe maiko asanu ndi anayi anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa SADCC, kholo la SADC ya lero. Awiri mwa iwo, Angola ndi Mozambique, analowa moto uli kuyaka kunyumba. Mu panganolo munalibe mawu otumizirana asilikali. Cholinga chinali chuma, kuti maikowa asamangodalira South Africa ya tsankho, ndipo Mozambique inapatsidwa udindo woyang'anira za mtengatenga chifukwa cha madoko ake.

Koma nkhondo siwerenga mapepala. Mawu akuti nkhondo ali ndi tsinde lakuti -kondo, limene timalimvanso mu mkondo. Chichewa chikaika n- patsogolo pa k chimatulutsa nkh-, monga kukalamba kumabala nkhalamba ndipo kukumana kumabala nkhumano. Ayao amati ngondo. Njanji yochoka pa Nkaya ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukafika pa Nayuchi n'kulowa ku Entre Lagos ulendo wa ku Cuamba, Nampula ndi Nacala, inatsegulidwa mu 1970 kuti ikhale njira yaifupi ya kunyanja ya mchere. Pofika 1984 zigawenga za RENAMO zinali zitaipha njirayo, monga zinachitiranso ndi ya ku Beira. Feteleza, mafuta a galimoto, fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuzungulira ku Durban, mtunda wotalika kangapo, ndipo mtengo wa ulendowo unagwera mlimi wogula thumba la feteleza pa msika wa ADMARC. Sitinali pankhondo, koma nkhondo ya mnansi inali italowa kale m'thumba mwathu.

Inalowanso ndi miyendo. Anthu othawa kwawo anadzaza maboma a m'malire, Machinga ali m'gulu lomwelo, mpaka chiwerengero chawo m'dziko muno chinapitirira miliyoni imodzi. Kumbali ya nyanja za Chiuta ndi Chilwa ambiri mwa iwo sanali alendo enieni. Anali Ayao ndi Alomwe ofika kwa abale awo, poti malire anadula pakati pa mafuko ndi mabanja. Anthu wamba anayamba kukwaniritsa -an- uja boma lisanasaine kanthu: anagawana minda, nkhuni ndi zitsime.

Kumbali ya maboma kunali kukayikirana. Mu September 1986 a Samora Machel a ku Mozambique, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzauza Dr. Kamuzu Banda kuti Malawi ikusunga RENAMO, zomwe boma la kuno linkakana. A Machel anamwalira pangozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October chaka chomwecho. Mu December Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anawoloka malire kukalondera njanji ya ku Nacala ndi anthu oikonza. Ena sanabwerere amoyo. Mawu akuti msilikali tinawalandira kuchokera ku Chiswahili, ndipo anafala m'nthawi ya Akeyala, omwe dzina lawo ndi zilembo za K.A.R. zotchulidwa ndi lilime lathu. Akeyala ankatumizidwa kunkhondo za Angelezi popanda wowafunsa. Asilikali a ku Nacala anapita kukateteza njira imene kwawo kunkadyera, ndipo ntchito yawo inali ndi malire odziwika: njanji. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, njira yobwerera kunyumba inaoneka. Kumeneko kunali kulowerera kwa tanthauzo loyamba lija.

Nkhani ya ku Congo inayenda mosiyana. Mu September 1997 atsogoleri a SADC, atakumana ku Blantyre konkuno, analowetsa Democratic Republic of Congo m'bungwelo, patangotha miyezi yochepa a Laurent Kabila atalanda Kinshasa ndi mfuti. Phulusa linali lisanazizire. Mu August 1998 nkhondo inabukanso, ndipo bungwe linagawikana: Zimbabwe, Angola ndi Namibia anatumiza asilikali, pomwe South Africa ya a Nelson Mandela inkafuna zokambirana. Onse ankatchula SADC, koma panalibe chimene anapangana poyera pa tsiku lolowetsa mnzawoyo. Pangano lotetezana linadzasainidwa mu 2003 ku Dar es Salaam. Limanena kuti dziko limodzi likaukiridwa, chimenecho ndi chiopsezo kwa chigawo chonse ndipo onse achitepo kanthu msanga, komanso limasiyira dziko lililonse kusankha lokha njira yothandizira.

Apa mpofunika kusiyanitsa mawu awiri ochokera ku tsinde limodzi. Kuteteza kumabala chitetezo, ndipo kumabalanso kutetezana. Mu chitetezo mulibe -an-. Ndi chinthu cholandira, chokoma kuchitchula pamsonkhano. Kutetezana ndiko kuli ndi mtengo wake, chifukwa tsiku lina wotetezedwa amaitanidwa kuti akhale chishango. Malawi inaitanidwa. Kuyambira 2013 asilikali athu, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, anali m'gulu lapadera la United Nations lomenya nkhondo kum'mawa kwa Congo, ndipo mu November 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni. Mu December 2023 SADC inatumiza gulu lakelake, ndipo mu January 2025, pamene zigawenga za M23 zinkalanda Goma, Amalawi ena atatu anataya moyo. Mwezi wotsatira a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, analamula kuti asilikali akonzekere kubwerera, ndipo mu March SADC inathetsa ntchitoyo. Anyamata amenewa anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Chimene chinasowa ndi yankho lomveka kwa makolo awo: malire a ntchitoyi ali pati, ndipo idzatha zikadzatani?

Sindikunena kuti mnansi wa pankhondo azitsekeredwa pakhomo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako, ndipo dziko lopanda doko ngati lathu silingakhale moyo popanda anansi. Mozambique ikanasiyidwa kunja mu 1980, njanji ya pa Nayuchi ikanafabe, ndipo ife tikanasowa ndi pokambirana pomwe. Chimene ndikunena n'chakuti kulowetsa kuli ndi mwambo wake. Kwathu kuno banja silimangidwa popanda ankhoswe, ndipo munthu akavomera unkhoswe amadziwiratu kuti mkangano wa m'nyumbamo udzamudzutsa pakati pa usiku, matenda adzamuyendetsa, maliro adzamukhazika patsogolo. Salonjeza zimene sangathe, ndipo zimene walonjeza amazinena pamaso pa mbali zonse ziwiri.

Maiko nawo ayenera kutero. Asanalowetse mnzawo amene ali pankhondo, anene poyera ngati thandizo lake lidzakhala chimanga ndi mankhwala, ndalama, zida, kapena ana awo. Anene malire ati amene akulonjeza kuteteza, makamaka ngati gawo lina la dzikolo lili m'manja mwa adani. Anene amene adzalipire, ndi chizindikiro chimene chidzasonyeze kuti ntchito yatha. Kuno kwathu mafunso amenewa ayenera kumveka m'Nyumba ya Malamulo ndi pa wailesi, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, asilikali asanakwere ndege, chifukwa amene amalipira pangano ndi mabanja a m'midzi ngati ya kwa Kawinga, kwa Liwonde, kwa Kalembo ndi kwa Nsamala. Pangano lokhala ndi mawu obisika limanyenga mbali zonse ziwiri: wolowayo amagona poganiza kuti ali ndi alonda, olowetsawo amaganiza kuti angosaina pepala. Tikamalonjeza, tilonjeze zochepa zimene tingakwanitse, tizinene momveka, ndipo tsiku loitanidwa likafika tipite.