Mabuku Amene Anafafanizidwa M'kaundula wa Star Wars

Pa 25 Epulo 2014, kampani ya Lucasfilm, imene panthawiyo inali itakhala chaka ndi theka m'manja mwa Disney, inalengeza kwa onse okonda nkhani za Star Wars kuti mabuku, nkhani zazithunzi ndi masewera, zimene zinalembedwa ndi kugulitsidwa m'dzina limenelo kwa zaka zoposa 35, sizidzawerengedwanso m'kaundula wa mbiri yovomerezeka, koma kuti zidzasindikizidwa ndi chizindikiro cha Legends pachikuto, kuti olemba atsopano azitapamo kapena kuzilambalala monga kuwakomera. Zimene zinatsala m'kaundulamo ndi mafilimu 6 a George Lucas pamodzi ndi makatuni a The Clone Wars. Mawuwo atamveka, kunabuka dandaulo lalikulu ku America ndi kumaiko ena. Ndipo munthu wapadera, pomva kuti amuna ndi akazi aakulu misinkhu, a mabanja awo, ali kudandaula chifukwa nthano yatchedwa nthano, angathe kuseka ndi kufunsa kuti, nanga Luke Skywalker wa m'filimu ndiye anabadwa kwa mkazi, kuti wa m'buku akhale wabodza? Funsolo lili ndi nzeru, koma silingayankhidwe bwino popanda kuyamba talondola kumene mwambo wosiyanitsa nthano zoona ndi nthano zonama unachokera.

Mwambowu unabwerekedwa kwa Mpingo. Akhristu a kwathu kuno adziwa kuti m'Baibulo la Akatolika muli mabuku a Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, amene sapezeka m'Buku Lopatulika lowerengedwa m'mipingo ina, pakuti makolo a chikhulupiriro sanagwirizane za malire a malembo. M'chaka cha 1911, ku Oxford, Ronald Knox anawerengera anzake nkhani imene anasanthulamo zolemba za Arthur Conan Doyle zokhudza Sherlock Holmes mwa njira yomweyo imene akatswiri a zaumulungu amasanthulira malembo. Ndipo ngakhale iye anachita izi mosewera, owerenga Holmes anaukonda mchitidwewo, nayamba kupatula nkhani zazifupi 56 ndi mabuku 4 zimene Doyle analemba ndi dzanja lake, kuzisiyanitsa ndi zonse zimene ena anapeka pambuyo pake. Tizindikire kuti pamenepo olemba malire anali owerenga eni ake, ndipo panalibe wodyapo phindu. Pa Star Wars zinayenda mwina: malire analembedwa ndi mwini katundu, ndipo anawalembera malonda.

Filimu yoyamba inatuluka mu 1977, ndipo chaka chotsatira Alan Dean Foster anatulutsa buku lotchedwa Splinter of the Mind's Eye, lopitiriza ulendo wa Luke ndi Leia. Kampani ya Marvel nayo inasindikiza nkhani zazithunzi zofika 107 kufikira mu 1986. Koma filimu yachitatu itaonetsedwa mu 1983, Lucas anaika pansi ntchitoyo, ndipo panagwa chilala: zidole zinaleka kupangidwa, ndipo ambiri anayesa kuti Star Wars yatha monga amathera masewera onse a ana. M'zaka zoumazo moto unasungidwa ndi anthu ochepa, makamaka osewera masewera a patebulo amene kampani ya West End Games inayamba kutulutsa mu 1987, amene olemba ake anatcha maina mitundu ya zolengedwa, maiko ndi zombo zimene m'mafilimu zinangodutsa popanda dzina.

Chilalacho chinatha mu 1991, pamene Timothy Zahn, atapatsidwa mabuku a West End Games aja kuti asasemphane nawo, analemba Heir to the Empire, nkhani yoyambira zaka 5 pambuyo pa imfa ya mfumu yankhanza ya m'mafilimu. Ndipo bukulo, limene osindikiza sanayembekeze kuti lingagulidwe chotero, linakwera kufikira pamwamba pa mndandanda wa nyuzipepala ya New York Times wa mabuku oyenda malonda. Ndimo munabadwira kazembe wankhondo Thrawn, wa khungu la buluu ndi maso ofiira, amene ankagonjetsa adani ake poyamba waphunzira zojambula ndi zosemasema za mtundu wawo kuti adziwe maganizo awo. Ndimonso munabadwira Mara Jade, mkazi amene anatumidwa kukapha Luke koma potsiriza anakhala mkazi wake. Dzina la Coruscant, likulu la maiko onse a m'nkhaniyi, linatchuka ndi buku lomweli, ndipo Lucas mwini analilandira nalilowetsa m'mafilimu ake. Amene angakane kuti owerenga mabuku amenewa ndiwo anaonetsa eni chuma kuti Star Wars ikali ndi moyo, akane ali ndi umboni m'manja, pakuti filimu yatsopano sinabwere kufikira mu 1999.

Kuyambira pamenepo mbumba inakula. Han Solo anakwatira Leia, mlongo wake wa Luke, nabala amapasa Jaina ndi Jacen, ndi mng'ono wawo Anakin. Luke ndi Mara anabala Ben. Anawa anakula pamaso pa owerenga, buku ndi buku, kotero kuti mwana amene anayamba kuwerenga za Jacen ali kusukulu ya pulayimale anali atakwatira kale pamene Jacen yemweyo anapandukira chilungamo, napha Mara, mkazi wa amalume ake, m'buku la mu 2007, naphedwa ndi mlongo wake Jaina m'buku la chaka chotsatira. Imfa imene inagwedeza anthu koposa ndi ya Chewbacca, bwenzi lokhulupirika la Han, amene m'buku la Vector Prime la mu 1999 anafa mwezi utagwera dziko la Sernpidal, iye atangopulumutsa mwana wa bwenzi lake. Ndipo wolemba wake, R. A. Salvatore, analandira mawu omuopseza kuti aphedwa, ngakhale imfayo inali itavomerezedwa ndi akuluakulu a kampani. Ichi ndichitchula kuti tisayese kuti ukali wa okonda nkhanizi unayamba ndi Disney.

Popeza olemba anachuluka, ndipo wina ankatsutsana ndi mnzake, Lucasfilm inaika munthu, dzina lake Leland Chee, kuti asunge kaundula wa pakompyuta wotchedwa Holocron, m'mene dzina lililonse, nkhondo iliyonse ndi chaka chilichonse zinalembedwa ndi kupatsidwa mulingo wake. Pamwamba panali zochokera kwa Lucas mwini, pansi pake za pawailesi yakanema, kenaka mabuku ambiri aja, ndipo pansi penipeni zokanidwa. Mwa ichi kampani inaphunzitsa ogula ake kuti buku limene atulira ndalama zawo si maloto a wolemba mmodzi, koma ndi chaputala cha mbiri imodzi yaikulu, ndipo wophonya chaputala chimodzi adzasokera m'chotsatira. Ndipo chiphunzitso chimenechi ndicho chinagulitsa mabuku 19 a mndandanda wa The New Jedi Order pakati pa 1999 ndi 2003. Komabe Lucas sanabise konse kuti iye sawerenga mabukuwo, ndi kuti amawaona monga dziko lina loyandikana ndi lake, limene silimumanga. Olemba ndi owerenga anali ngati munthu wolima munda wobwereka, amene wabzalamo mango ndi kumangamo nkhokwe, naiwala kuti mwini nthaka akali moyo. Chenjezo linafika mu 2009, pamene Karen Traviss, amene anathera zaka akuumba miyambo ndi chiyankhulo cha ankhondo a ku Mandalore, analeka kulemba mabuku a Star Wars chifukwa makatuni a The Clone Wars anafotokoza anthu omwewo mwa njira yosemphana ndi yake.

Mu Okutobala 2012 Disney inagula Lucasfilm pamtengo wa madola mabiliyoni 4.05, nilonjeza mafilimu atsopano. Tikafuna kuweruza molungama, tiyenera kuvomereza kuti eni atsopanowo anali pamphambano yovuta. Pakuti akadatsata mabuku, akadayenera kuuza anthu miyandamiyanda olowa m'nyumba zoonetsera kanema, amene sanatsegulepo ngakhale buku limodzi, kuti Chewbacca anafa kale, kuti ana awiri a Han ndi Leia ali kumanda, ndi kuti zaka 40 za nkhondo zinapita iwo osaona. Palibe wopanga filimu amene akadalola goli lotero. Ufulu wosintha anali nawo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka.

Koma ufulu wa mwini suchotsa chisoni cha wolandidwa, ndipo chisonicho chinaoneka m'maonekedwe osiyanasiyana. Ena anangoti phee, nasunga mabuku awo, nati kwa iwo mbiri yeniyeni ndi yomwe ija, zatsopanozi n'za eni ake; pajatu mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ena anakondwera ndithu, nanena poyera kuti m'mabuku mazanamazana aja munali mankhusu ambiri kuposa maso, monga kuuka kwa mfumu yankhanza ija m'matupi opangidwa, ndi zida zoononga maiko zimene wolemba aliyense ankabwera ndi chake. Osunga nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Wookieepedia, imene anthu odzipereka akhala akuilemba popanda malipiro chiyambire 2005, anasenza ntchito yolemetsa yogawa masamba awo pawiri, kuti munthu mmodzi wa m'nthano akhale ndi mbiri ziwiri, yovomerezeka ndi yochotsedwa. Koma panali enanso amene chisoni chawo chinasanduka nkhwidzi: pamene buku la Aftermath la Chuck Wendig linatuluka mu Seputembala 2015 kudzalowa m'malo amene kale munali mabuku a Zahn, linagwetsedwa dala pa Amazon ndi anthu ambiri olipatsa nyenyezi imodzi, ena mwa iwo osabisa kuti mlandu wake ndi wakuti si la Legends, ndipo filimu ya The Force Awakens ili pafupi kutuluka mu Disembala chaka chomwecho, kagulu kena kanaopseza kuti kadzaulula mathero ake kwa anthu amene sanaione. Awa analakwa, ndipo kulakwa kwawo kunadetsa mlandu wabwino, pakuti analanga wolemba waganyu ndi oonera osalakwa m'malo mwa amene anagamula.

Amene ine ndiwalemekeza ndi gulu lotchedwa Give Us Legends, limene linasonkherana ndalama, ndipo mu Epulo 2016 linaimika chikwangwani chachikulu mumzinda wa San Francisco, kumene kuli likulu la Lucasfilm, chopempha mwaulemu kuti nkhani zakale zija zipitirire. Sanapemphe kuti mafilimu atsopano aletsedwe, kapena kuti mabuku awo abwezedwe pampando. Anangopempha kuti mbiri ziwirizo ziyende limodzi, iliyonse m'njira yake. Pempho limeneli ndilo likuulula chimene chinawawa anthu kwenikweni. Mabuku sanatenthedwe, ndipo akugulitsidwabe; chimene chinafa ndi mawa lake. Mu 2012 kunali kutalengezedwa kuti Christie Golden adzalemba mabuku atatu otchedwa Sword of the Jedi, ofotokoza za Jaina atakula, mkazi amene anataya mlongo wake wamng'ono kunkhondo napha mnzake wobadwa naye ndi dzanja lake; owerenga amene anayenda naye kuyambira ali khanda anadikira kuti aone ngati adzapeza mtendere, koma ntchitoyo inaimitsidwa. Kuleka nthano pakati, omvera ali tcheru, ndi chinthu chimene ngakhale ana sachilola. Ndipo kampani imene kwa zaka zoposa 20 inadya phindu la chiphunzitso chakuti zonsezi ndi mbiri imodzi inali ndi ngongole ya kutsiriza mbiriyo, ngakhale ndi mabuku ochepa okha.

Chimene chinaonjeza kuwawa n'chakuti eni ake, atatseka munda, sanaleke kukololamo. Mu The Force Awakens anthu anaona mwana wa Han ndi Leia atapandukira chilungamo, monga Jacen, ndipo dzina lake linali Ben, monga mwana wa Luke wa m'mabuku. Mu filimu ya mu 2019 mfumu yankhanza ija inaukanso, chinthu chomwe chija ena ankanyozera nacho nkhani zakale. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo kubwerera kwina kunalandiridwa ndi nthungululu: mu Julayi 2016, pamsonkhano waukulu wa okonda Star Wars ku London, kunalengezedwa kuti Thrawn adzaoneka m'makatuni a Rebels, ndi kuti Zahn mwini adzalemba buku latsopano la iye, limene linatuluka mu 2017, ndipo mu 2023 Lars Mikkelsen anasewera Thrawn yemweyo mu kanema wa Ahsoka. Koma Mara Jade, wokondedwa wa ambiri, sanaitanidwe.

Lonjezo la mu 2014 linali lakuti kuyambira pamenepo mafilimu, mabuku ndi nkhani zazithunzi zidzakhala zolingana mphamvu, zosatsutsana, moyang'aniridwa ndi gulu la Lucasfilm Story Group. Lonjezolo silinakhalitse lamphumphu, pakuti mu 2021 gawo loyamba la makatuni a The Bad Batch linafotokoza imfa ya mphunzitsi wa munthu wina wa m'nthanoyi, dzina lake Kanan, mosiyana ndi m'mene nkhani yazithunzi yovomerezeka ya mu 2015 inanenera, ndipo owerenga a mbadwo watsopano, ena mwa iwo omwe ankaseka anzawo a Legends, anayamba nawonso kufunsa ngati mabuku amene agula akali m'kaundula. Anthu a chikwangwani aja analandira pang'ono pokha: mu 2019 Marvel inatulutsa nambala 108 ya nkhani zake zakale zimene zinalekera pa 107, ndipo kuyambira mu 2021 mabuku osankhidwa a Legends akhala akusindikizidwanso ndi zikuto zatsopano. Buku lopitiriza mbiri ya Luke, Han, Leia ndi Jaina kuchokera pamene Crucible ya Troy Denning inawasiya mu 2013 silinatuluke.