Kuyendera dziko posinthanitsa ntchito ndi malo ogona: chiyambi, kayendetsedwe ndi malamulo ake

Pali mtundu wa ulendo umene munthu amatha miyezi yambiri, mwinanso chaka chathunthu, ali kunja kwa dziko lake pamene thumba lake ndi lopepuka. Mlendoyo amagwira ntchito maola ochepa pa tsiku pafamu, panyumba yogona alendo, pasukulu kapena pakhomo pa banja lina, ndipo eni malowo amamupatsa pogona ndi chakudya m'malo mwa malipiro. Popeza pogona ndi chakudya ndi zimene zimadya ndalama zambiri paulendo, ndalama yokwanira sabata ziwiri kuhotela imatha kumusunga miyezi ingapo. Njirayi ili ndi mbiri yake, dongosolo lake, ndiponso malamulo amene akaphwanyidwa amabweza munthu pachipata cha dziko.

Chiyambi chake

Mwambo wopita kudziko lina kukagwira ntchito yongodzipereka unayamba kukhazikika nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Mu 1920, Pierre Ceresole, injiniya wa ku Switzerland, anasonkhanitsa anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo a ku Germany, kuti akamangenso mudzi umene unagumulidwa ndi nkhondo pafupi ndi Verdun ku France. Ntchito imeneyo ndi imene inabala bungwe la Service Civil International, limene likadalipo mpaka lero.

Patapita zaka, kunabadwa mabungwe akuluakulu otumiza anthu odziwa ntchito. VSO inakhazikitsidwa ku Britain mu 1958 ndi Alec ndi Mora Dickson. Peace Corps inayamba mu 1961 muulamuliro wa John F. Kennedy, ndipo anthu ake oyamba anafika kuno ku Malawi mu 1963. Bungwe la United Nations linakhazikitsa nthambi yake ya anthu ongodzipereka mu 1970, ndipo likulu lake lili ku Bonn m'dziko la Germany.

Koma kusinthanitsa ntchito ndi pogona, popanda bungwe lotumiza munthu, kunatchuka chifukwa cha mayi Sue Coppard, amene ankagwira ntchito ya ulembi mumzinda wa London. Mu 1971 iwo anakonza zoti anthu a m'tauni azipita kumapeto kwa sabata kukathandiza pamafamu olima popanda feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala ophera tizilombo. Ulendo woyamba unachitikira pafamu ya Emerson College ku Sussex. Uku ndi kumene kunachokera bungwe la WWOOF, limene lero lili ndi nthambi m'maiko ambiri. Intaneti itafala, kunabwera makampani ena olumikiza alendo ndi eni malo, monga HelpX, Workaway ndi Worldpackers ya ku Brazil, ndipo ntchito zake sizinalinso za kumunda zokha.

Mmene dongosololi limayendera

Wofuna kuyenda amalembetsa umembala, nalipira ndalama ya pachaka. Kenaka amalemba mbiri yake mwachidule: zilankhulo zimene amayankhula, luso limene ali nalo ndi nthawi imene akufuna kukhala. Eni malo nawonso amafotokoza ntchito imene ali nayo, mtundu wa chipinda ndi kuchuluka kwa chakudya chimene amapereka. Mbali ziwirizi zimalemberana ndi kugwirizana zokha. Kampaniyo simulemba munthu ntchito, simulipirira ndege, ndiponso simupezera viza.

Kawirikawiri mlendo amagwira ntchito maola anayi mpaka asanu ndi limodzi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndipo masiku awiri otsalawo ndi ake. Ntchito zake ndi monga kupalira, kukolola zipatso, kudyetsa ziweto, kupenta, kuyala mabedi, kulandira alendo, kusamalira ana ndi kuphunzitsa chilankhulo. Ena amakhala malo amodzi sabata ziwiri, ena miyezi itatu. Akasiyana, aliyense amalemba ndemanga za mnzake, ndipo ndemangazi ndi zimene ena obwera pambuyo amadalira posankha kopita.

Izi n'zosiyana ndi ntchito ya mabungwe monga VSO kapena nthambi ya United Nations ija. Kumeneko amafuna maphunziro ndi luso, munthu amayesedwa asanatengedwe, amasaina mgwirizano, ndipo amalandira ndalama yodyera pamwezi. N'zosiyananso ndi makampani amene amalipiritsa mlendo ndalama zambiri kuti akathandize sabata imodzi kapena ziwiri, amene kwenikweni ndi malonda a zokopa alendo.

Ndalama zimene sizithawika

Ngakhale pogona ndi paulere, ulendowo si waulere. Tikiti ya ndege kapena basi, pasipoti, viza, inshulansi ya zaumoyo, katemera, mayendedwe ochoka pamalo ena kupita pena ndi chakudya cha masiku opuma, zonsezi zimatuluka m'thumba la mlendo. Viza yolowera m'maiko 29 a m'chigawo cha Schengen ku Ulaya inakwera kufika pa mayuro 90 mu June 2024, ndipo wopempha amayenera kuonetsa inshulansi yokhoza kulipira chithandizo cha kuchipatala cha mayuro osachepera 30,000. Maiko ambiri amafuna pasipoti imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti ithe ntchito, tikiti yobwererera, ndi umboni wa ndalama za kubanki. Ena amafunanso chiphaso cha katemera wa yellow fever kwa munthu amene wadutsa m'dziko limene muli matendawa.

Amene anazolowera maulendowa amapatula ndalama yosakhudzidwa, yokwanira kulipira malo ogona masiku angapo ndi tikiti yobwerera kwawo. Ndalamayi ndi imene imapatsa munthu ufulu wochoka pamalo pamene zinthu zasokonekera. Kwa wochokera kuno kwathu, kumene ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, mbali imeneyi ndi yoyenera kuikonza nthawi ikadalipo.

Nkhani ya viza

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Malamulo a maiko ambiri amaona pogona ndi chakudya ngati malipiro, choncho ntchito yosinthanitsa imawerengedwa ngati ntchito yeniyeni. Ku United States, viza ya mlendo wodzaona malo silola munthu kugwira ntchito posinthana ndi chipinda. Ku Britain, mlendo wamba amaloledwa kudzipereka masiku osapitirira 30, ndipo pokhapokha ngati akuthandiza bungwe lachifundo lolembetsedwa kuboma. Wofuna kukhalitsa amafunika viza yapadera ya miyezi yosapitirira 12, imene imatuluka bungwelo likamuvomereza. M'chigawo cha Schengen, viza ya kanthawi kochepa imalola masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ndipo dziko lililonse lili ndi lamulo lakelake pa za ntchito yongodzipereka.

Achinyamata a ku Ulaya, Japan ndi Canada amapindula ndi viza yolola kuyenda uku akugwira ntchito m'maiko monga Australia ndi New Zealand, koma mwayiwu umachokera pa mgwirizano wa maboma, ndipo Malawi mulibemo. Mmalawi amayenda mosavuta m'maiko a m'chigawo chino monga Zambia, Tanzania ndi South Africa, kumene safunika viza pokacheza kanthawi kochepa, komanso ku Rwanda, kumene nzika za maiko a mu African Union zimalandira viza yaulere ya masiku 30 pofika. Komabe chilolezo chokacheza si chilolezo chogwira ntchito. Dziko la South Africa lili ndi viza yakeyake ya anthu ongodzipereka. Njira ina yovomerezeka ndi ndondomeko ya boma la Germany yotchedwa weltwärts, imene kuyambira 2013 imalandiranso achinyamata ochokera m'maiko osauka kudzera m'mabungwe ogwirizana nayo.

Wogwidwa akugwira ntchito mosaloledwa akhoza kubwezedwa kwawo ndi kuletsedwa kulowanso kwa zaka zingapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula: yankho lodalirika limachokera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, osati kwa mwini famu.

Chitetezo cha woyenda yekha

Woyenda yekha amagona pakhomo pa munthu amene sanakumanepo naye, nthawi zina kutali ndi tauni. Ndi nzeru kuwerenga ndemanga zonse, kuyankhulana ndi mwini malo pakanema asananyamuke, kugwirizana polemba za maola ndi masiku opuma, ndiponso kudziwitsa abale keyala ya kumene ali. Pasipoti isaperekedwe m'manja mwa munthu wina aliyense kupatula ogwira ntchito za boma. Wolanda pasipoti, woletsa lamya kapena wonena kuti mlendo ali ndi ngongole ya ulendo akuonetsa zizindikiro za malonda ozembetsa anthu, mlandu umene kuno unakhazikitsiridwa lamulo lake mu 2015. Mavuto amene amayi a ku Malawi anakumana nawo atakopedwa ndi malonjezo a ntchito za m'nyumba ku Oman akuonetsa kuti chenjezoli si nthano.

Mafunso a chilungamo

Otsutsa njirayi amati nyumba zina zogona alendo zimadalira anthu osalipidwa m'malo molemba ntchito nzika za komweko. Palinso nkhawa pa nyumba zosungira ana amasiye zimene zimatolera ana amene makolo awo ali moyo pofuna kukopa alendo ndi ndalama zawo. Mu 2018 dziko la Australia linakhala loyamba kuvomereza kuti mchitidwewu ndi mtundu wa ukapolo wamakono. Choncho wosankha kopita ayenera kufunsa ngati ntchitoyo sikulanda wina chakudya pakamwa, ndiponso ngati malo okhudza ana amafuna kalata ya kupolisi yotsimikiza khalidwe la mlendo. Malo amene safunsa kalatayi ndi oyenera kuwapewa.