Njere Zinayi za Perold: Mbiri ya Mphesa za Pinotage

Lero tikambe za mphesa zimene zinatsala pang'ono kuthera kudzala.

Mu 1925, Pulofesa Abraham Izak Perold wa pa Yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa anadzala njere zinayi m'dimba la pakhomo pake. Njerezi anazipeza pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa za ku France: Pinot Noir, yokoma koma yovuta kulima, ndi Cinsaut, yopirira dzuwa, imene alimi akumeneko ankaitcha Hermitage. Dzina loti Pinotage linachokera pa mayina awiriwa.

Mu 1927 Perold anasamukira ku Paarl kukagwira ntchito ku KWV, ndipo dimba lija linasanduka tchire. Antchito atabwera kudzalambula, mphunzitsi wachinyamata, Charlie Niehaus, ndiye anapulumutsa mbandezo. Vinyo woyamba anafulidwa ku Elsenburg mu 1941, ndipo dzinali linalembedwa pa botolo koyamba mu 1961.

Vinyoyu ndi wofiira moderako, wolemera mkamwa, wa fungo la zipatso zakupsa ndi kautsi pang'ono. Ali ndi kakhambi ngati ka tiyi wochuluka masamba. Khambili limachepa likakumana ndi nyama yonona, n'chifukwa chake amayenda bwino ndi nyama yootcha ya ng'ombe, ya nkhosa, ya m'tchire kapena boerewors. Koma nsomba ayi, amaiphimba kukoma.

Tangoganizani: Niehaus akanangodutsa osaima tsiku limenelo, makasu akanafafaniza mtundu wonsewu.