Madzi a pafupi ndi mgodi: amawayeza bwanji, nanga ife tifunse chiyani?

Nkhani ya mgodi wa Kanyika ikabuka pa WhatsApp, ambiri timangothamangira za ntchito ndi chipukuta misozi. Koma pali funso limodzi lomwe silifunsidwa kawirikawiri: madzi aja, ndani akuwayeza?

Kanyika ndi chiyani?

Ndi dera la kumwera kwa boma lathu lino la Mzimba, kwa Inkosi Mabulabo. Kampani ya ku Australia ya Globe Metals & Mining idapatsidwa chiphaso chokumba kumeneko mu 2021, ndipo idasainirana mgwirizano ndi boma mu 2023. Ikufuna niobium ndi tantalum, koma m'miyala yomweyo mulinso uranium. Apa m'pamene nkhani ya madzi yagona.

Madzi amaipa bwanji?

Miyala ikagayidwa, zotsalira zake amazisunga m'damu. Mvula ikachuluka damu likhoza kusefukira kapena kugumuka, zoipazo n'kulowa mumtsinje. Zinanso zimalowerera pansi pang'onopang'ono mpaka kukafika m'madzi omwe mijigo ndi zitsime zimakoka. Zapansizi ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa madzi amatha kuoneka oyera mbee, osanunkha, koma ali ndi poizoni.

Amayeza bwanji?

Choyamba, amayenera kuyeza mgodi usanayambe, kuti mawa pasakhale zokanirana kuti "madziwa anali choncho kale". Mumtsinje amatunga kumtunda ndi kumunsi kwa mgodi n'kufananiza. Za pansi pa nthaka amaboola zitsime zapadera zoyezera, osati zomwa ayi, kuzungulira damu lija. Amatunga dzinja ndi chilimwe chomwe, m'mabotolo olembedwa tsiku ndi malo, n'kutumiza ku labotale. Kumeneko amaona asidi, mchere ndi zitsulo. Bungwe la WHO limati lita imodzi ya madzi akumwa isapitirire mamaikulogalamu 30 a uranium, kapena 10 a mtovu.

Zidachitikapo kwina?

Eya. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014. Mu 2015 kudali mkangano waukulu pa zotaya madzi ake otsukidwa mumtsinje wa Sere, womwe umathira mu North Rukuru mpaka kunyanja. Ku Zambia, damu la kampani ya Sino-Metals lidagumuka mu February 2025, asidi n'kufika mumtsinje wa Kafue, nsomba n'kufa. Ku Kabwe mgodi udatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Mgodi umatha, zotsalira zake sizisamuka.

Udindo ndi wa ndani?

Kampani imayeza yokha, koma MEPA, National Water Resources Authority ndi Atomic Energy Regulatory Authority ndi omwe amayenera kuilondoloza. Lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limatipatsa ufulu wopempha zikalata kumaofesi a boma.

Ndiye pamsonkhano wa VDC kapena ADC, osangoombera m'manja. Funsani: zitsime zoyezera zilipo zingati, zili pati? Amayeza kangati pachaka? Labotale yake ndi iti? Zotsatira zikupachikidwa kuti? Nanga mgodi ukadzatsekedwa, adzalipira zoyezazo ndani?

Mukaona nsomba zakufa kapena madzi asintha mtundu, musamwe, ng'ombenso zisamwe. Jambulani, lembani tsiku ndi malo, kauzeni HSA wa m'dera lanu ndi ofesi ya zachilengedwe kwa DC pa boma.