Dipo lidaperekedwa, nanga mlandu udatha?

Kwathu kuno ku Ntcheu, mlandu ukaweruzidwa pabwalo la mfumu, wolakwa n'kupereka mbuzi kapena nkhuku, nkhani inkathera pomwepo. Woiutsanso ndiye ankasanduka wolakwa. Choperekacho makolo ankachitcha dipo. Ndiye pamene Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922 lili ndi liwu lomweli pa Marko 10:45, pofotokoza imfa ya Yesu, anthu sadavutike kumva. Padavuta ndi apa: ngati dipo lidaperekedwa kale, kodi mlandu wanga ungadzukenso?

Funso limeneli boma lathu lidalandira mayankho atatu, aliyense ndi mishoni yake.

Ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901. Iwo ankaphunzitsa kuti ubatizo umachotsa tchimo, koma munthu akachita tchimo lalikulu amataya chaulere cha Mulungu mpaka atakalapa kwa wansembe. Msonkhano wa ku Trent udanena kale mu 1547 kuti munthu sangadziwiretu motsimikiza kuti adzapirira kufikira mapeto, pokhapokha Mulungu atamuululira.

Chaka chotsatira, mu 1902, a Dutch Reformed adatsegula Mlanda. Awa adabwera ndi chiphunzitso cha msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619: amene Mulungu wamusankha atha kugwa, kugwa kwenikweni, koma satayika, chifukwa womugwira dzanja ndi Mulungu mwini.

Ku Gowa, komwe adayambitsa ndi a Baptist a ku Scotland n'kudzasiyira a Churches of Christ, nkhani idakula pa ubatizo womiza munthu wamkulu amene wakhulupirira yekha. Wamiza, machimo akhululukidwa, koma uyende bwino, pakuti wobwerera m'mbuyo atha kutaya zonse.

Izi ndi za m'mabuku. M'midzi anthu ankaona china: kudulidwa. Wofulula mowa, wotenga mitala, wopita kwa sing'anga, ankamuletsa mgonero. Akulu ampingo ankati kudula n'kulanga mwana kuti abwerere, osati kumutsekera kumwamba. Koma wokhala pabenchi yakumbuyo, mkate ukumudutsa pamphuno, ankamva ngati dzina lake lafufutidwa kumwamba komwe.

Agogo anga aakazi adadulidwapo chifukwa cha masese omwe ankafulula kuti apezere ana fizi. Adawabwezera patapita nthawi, koma mtima sudakhale pansi. Akudwala matenda omaliza adafunsa mkulu wampingo amene adadzawazonda: "Abambo, zija za mowa zija, kumwambako adafufutadi, kapena ndikazipezanso?"

Mkuluyo sadatsegule buku lililonse. Adangowafunsa: "Mayi, mbuzi ikaperekedwa pabwalo, mumaipereka kawiri?"

Agogo adaseka, n'kupempha phala. Mpaka lero anzanga a ku Nzama ndi a ku Gowa ndikawauza nkhaniyi timakangana ngati mkulu uja adayankha molondola. Chomwe ndidaona ine n'chakuti usiku umenewo agogo adagona tulo.