"Pumani mayi, musatchime kaye": mbiri ya mawu akuleba

Aliyense amene anakhalapo gadiyani wa mayi woyembekezera, kaya pa chipatala cha boma pa Chiradzulu, kaya ku Nguludi, ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi, mawu awa amawadziwa: "Pumani mayi, musatchime kaye, tulutsirani mpweya kukamwa." Anamwino amawanena usiku ndi usana, mwina mokoma, mwina atatopa. Ambiri timangowatenga ngati mawu otonthozera munthu basi. Koma ali ndi mbiri yake, ndipo inadutsa ku London, ku Johannesburg, ku Kharkiv ndi ku Paris. Ndaitsata chifukwa mkati mwake muli funso lokhudza azichemwali athu, akazi athu ndi ena mwa inu amene mukuwerenga: kodi kupumaku ndi thandizo lenileni, kapena ndi nsalu yophimbira kusowa kwa mankhwala?

Tiyambire kwathu konkuno. Zipatala zisanachuluke, mtsikana wa mimba yoyamba ankalangizidwa ndi amayi akuluakulu. Ayao mwambowu amautcha litiwo, Achewa amati chisamba. Ankamuuza zimene adzaone matenda akadzayamba, ndipo tsikulo likafika sankakhala yekha: wina ankamugwira kumbuyo, wina n'kumamusisita msana, mzamba ali kutsogolo. Izi zinali zabwino ndithu. Koma m'malangizo omwewo munalinso zoopseza. Mkazi ankauzidwa kuti kukuwa n'kochititsa manyazi, ndipo m'madera ambiri matenda akatalika ankamukakamiza kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Tangoganizani munthu ali pa ululu, kwinaku akuzengedwa mlandu.

Ku Ulaya nkhaniyi inayenda njira ina. Mu 1847 dokotala wa ku Edinburgh, James Young Simpson, anayamba kununkhitsa amayi mankhwala ogonetsa a chloroform pobereka, ndipo mu 1853 Mfumukazi Victoria anawagwiritsa ntchito pobereka mwana wake Leopold. Pofika m'zaka za m'ma 1900, amayi ambiri a m'maiko olemera ankachira ataledzeretsedwa ndi mankhwala, ena osakumbuka n'komwe kuti mwana watuluka bwanji. Apa m'pamene panatulukira Grantly Dick-Read, dokotala wa ku England, yemwe mu 1933 anasindikiza buku lotchedwa Natural Childbirth. Mfundo yake inali yakuti mantha amakungitsa thupi, thupi lokungika limawonjezera ululu, ululuwo n'kubweretsanso mantha ena. Mankhwala ake anali kumufotokozera mayi zimene zikuchitika m'thupi mwake, kumuphunzitsa kumasula minofu ndi kupuma mwachifatse, komanso osamusiya yekha.

Mfundoyo inali ndi nzeru, koma Dick-Read anaimangira pa bodza lomwe limatikhudza ifeyo. Ankakhulupirira kuti akazi a mitundu imene Azungu ankaitcha yosatukuka amabereka osamva kuwawa kwenikweni. Mu 1948 anasamukira ku South Africa n'kukagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mu 1953 ananyamuka ulendo wa pagalimoto wodutsa m'maiko a pakati pa Africa kuti akaone kaberekedwe ka akazi akumudzi ndi kutsimikizira maganizo akewo. Ine ndimati munthuyu anasokoneza zinthu ziwiri. Kukhala chete ndi kwina, kusamva kuwawa ndi kwinanso. Mkazi wolangizidwa kuti asakuwe amaluma mano, ndipo mlendo woimirira pakhomo amalemba m'kope lake kuti sizikupweteka. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlendo woima pakhomo sangamve m'mimba mwa mnzake.

Njira yachiwiri inabadwira ku Soviet Union. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inapha anthu oposa 20 miliyoni kumeneko, boma linkafuna ana ambiri, koma mankhwala opha ululu anali osowa. Dokotala wa zaubongo wa ku Kharkiv, Ilya Velvovsky, anakonza maphunziro a amayi oyembekezera potengera kafukufuku wa Ivan Pavlov, uja ankayeza agalu ndi malovu awo. Mayi ankaphunzira kuti mimba ikangokunga, iye ayambe kupuma mwandondomeko ndi kudzisisita, mpaka thupi litazolowera. Mu 1951 unduna wa zaumoyo kumeneko unalamula kuti njirayi igwiritsidwe ntchito dziko lonse. Wolemba mbiri Paula Michaels, m'buku lake la mu 2014 lonena za Lamaze, anaonetsa kuti china chomwe chinakopa boma chinali mtengo: mpweya sugulidwa.

Chaka chomwecho cha 1951, dokotala wa ku France, Fernand Lamaze, anakacheza ku Soviet Union, n'kubwera nayo njirayo ku chipatala cha Les Bluets ku Paris. Mu Januwale 1956 Papa Pius XII analankhula poyera kuti Akatolika akhoza kuitsata popanda vuto, ngakhale inachokera kwa achikomyunizimu. Kuchokera apo inafalikira ku America ndi kwina, dzina la Lamaze n'kuphimba la Velvovsky, ndipo kupuma ndi kumasula thupi kunalowa m'maphunziro a uzamba. Namwino amene waphunzira pa koleji ya St Joseph's ku Nguludi akamati "pumani mayi", wanyamula zonsezi ngakhale sanamvepo za Kharkiv.

Nanga zimathandizadi? Eya, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu akachita mantha mtima umathamanga, mpweya umakhala wapamwambamwamba, mapewa ndi nsagwada zimauma. Ukakoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa kukamwa motalikirapo kuposa mmene unaukokera, mtima umatsikako liwiro ndipo minofu imamasuka. Maganizo nawo amapeza pogwira m'malo mongoyembekezera ululu wotsatira. Kupuma kwa wefuwefu kuja anamwino amakulamula pa chifukwa china: kumaletsa mayi kutchima njira isanatseguke yonse, kapena mutu wa mwana ukamatuluka, kuti asang'ambike. Komabe pali malire. Mu 1981 Ronald Melzack, katswiri wa za ululu wa ku Montreal, anayeza amayi amene anaphunzira njirazi ndi amene sanaphunzire. Anapeza kuti maphunzirowo amachepetsako ululu, koma wotsalawo umakhalabe waukulu kwambiri.

Tsopano tibwerere kwathu. Mu 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi. Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma mu 2012 Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino yodalira mafumu, ndipo m'midzi yambiri kuchirira pakhomo kunasanduka mlandu wa chindapusa. Amayi anadzaza kuchidikiro, ndipo miyoyo yambiri yapulumuka chifukwa magazi akataika kapena mwana akakhala mopingasa pamafunika chipatala. Koma china chake chinatsala kumudzi. Manja aja osisita msana anatsala panja pa chitseko cha leba pamodzi ndi gadiyani, mkati muli namwino mmodzi kapena awiri othamangira mabedi angapo. Dick-Read, Velvovsky ndi Lamaze ankasiyana zambiri, koma onse ankadalira zinthu ziwiri: mayi aphunzire mimba isanakhwime, ndipo pakhale munthu pambali pake. Mukachotsa ziwirizi, "pumani mayi" amasanduka mawu omutsekera munthu pakamwa.

Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka amayi pobereka. Kupuma, kumasula thupi ndi kusisita msana zilimo. Koma pamndandanda womwewo palinso jakisoni wopha ululu monga pethidine, jakisoni wapamsana wa epidural, komanso kuti mayi akhale ndi munthu amene wamusankha yekha nthawi yonse ya matenda. Zonsezi zinaikidwa kuti mayi asankhepo. Palibe pamene analemba kuti mpweya ndi wa osauka, jakisoni ndi wa olemera.

Ife a ku Chiradzulu tili ndi chifukwa chathu chokanira maganizo oterowo. Mu 2001 mkulu wa USAID, Andrew Natsios, ananena kuti anthu ambiri a mu Africa sangathe kumwa ma ARV pa nthawi yake chifukwa sadziwa wotchi. Chaka chomwecho bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, dziko lonse lisanayambe mu 2004, ndipo alimi a kwa Kadewere, kwa Likoswe ndi kwa Nkalo anamwa mankhwala awo mokhulupirika. Bodza lakuti sitidziwa nthawi ndi lakuti akazi athu samva kuwawa ndi apachibale. Onse awiri amathandiza wopereka kuti apereke zochepa mtima uli m'malo.

Choncho chemwali, ngati muli oyembekezera, kupumaku kuphunzireni, ndi kwanu ndipo palibe angakulandeni. Yesezani madzulo mutakhala pamkeka: kokani mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka folo, tulutsani kukamwa mpaka sikisi, mapewa agwe, nsagwada imasuke. Achimwene, khalani nawo pomwepo muziwerengera, muphunzirenso kusisita m'chiuno. Mukapita ku sikelo funsani kuti ululu ukakula pali mankhwala anji, ndiponso ngati gadiyani amaloledwa kulowa kuleba. Yankho likakhala lakuti palibe, nkhaniyo ifike ku komiti ya chipatala, kwa khansala ndi kwa phungu. Ndipo tsikulo likafika, mukafuna kubuula buulani. Sindinu ofooka, mukungonena zoona.